Nyali ya Mfumu ndi Mwendo wa a Enelesi

Mu Ufumu wa Zilibwino munthu sadwala pamaso pa mlendo. Limeneli si lamulo lolembedwa. Malamulo olembedwa kumeneko ndi ambiri ndipo palibe amawatsatira, koma uwu ndi mwambo chabe, n'chifukwa chake umasungidwa kuposa onse. Munthu akhoza kukhala ali gone pamkeka, nthiti zikuwerengeka, koma wovala jekete akangomufunsa mmene akumvera, amadzutsa mutu n'kuyankha kuti akupezako bwino, n'kuthokozanso kuti afunsa. Kunena kuti mankhwala amene wapatsidwa sanakuthandize n'chimodzimodzi kubweza mphatso mwiniwake akuona.

Dokotala Sandalamu Kaphuka anabadwira mumwambo umenewu, koma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zimene anakhala kumaiko ozizira zinamuiwalitsa. Kumeneko anazolowera odwala ofika ndi madandaulo olemba papepala, ena otsutsana ndi dokotala mpaka kumuwongolera. Anabwerera kwawo ndi imvi, masutikesi awiri, ndi bokosi la makina amene anathera theka la moyo wake akuwafufuza.

Mzinda wa Pepani, likulu la ufumuwo, sunamudikire. Mitengo ya jakaranda ya mumsewu waukulu inali itadulidwa kuti zikwangwani za nkhope ya mfumu zizioneka bwino. Laibulale imene ali mnyamata anawerengamo buku lililonse, mpaka la malangizo oweta nkhumba, inali itasanduka mosungiramo mipando ya pamisonkhano. Chimene anachipeza pamalo pake ndi chimodzi chokha: makina osokera a achemwali ake, a Enelesi, pakhonde la sitolo ina mumsika wa Mwamvakodi. A Enelesi ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, ndipo jekete imene anakwera nayo ndege anasoka ndi iwo pamakina omwewo.

Koma makinawo tsopano ankalira mopumira. Matenda a shuga anali atawatsegula chilonda pamwamba pa kakolo wa mwendo wamanja, mwendo wopondera makina. Kawiri pamlungu ankapita ku Chipatala cha Dikirani kukachitsukitsa n'kuchimanga bandeji, ndipo chilondacho chinangoima pamodzi, chosakula, chosachepa, chachikulu ngati chitsekerero cha botolo.

Chimene chinamulasa Sandalamu si chilondacho. Ali mwana, a Enelesi ankamuitana kuti "iwe Sanda," kawirikawiri khutu lake lili m'manja mwawo. Tsopano anamupukutira mpando ndi chitenje, n'kumulandira ndi manja awiri. Atawafunsa za mwendowo anayang'ana pansi.

"Ndikupezako bwino, adokotala."

Iye anakhulupirira.

Makina a m'bokosi muja anali kachipangizo konga cholembera chonenepa, kotulutsa kuwala kofiira kosatentha kumene madokotala amati leza. Ofufuza ena amati kuwalako kumadzutsa mnofu kuti upole msanga ndipo kumachepetsa ululu. Ena amati umboni wake ndi wochepa. Sandalamu anali pakati, ndipo chimene ankafuna n'kudziwa basi. Choncho anabwera ndi nyali ziwiri zofanana ndendende. Ina inali yeniyeni. Inayo munali kababu wamba kofiira, kopanda mphamvu iliyonse. Odwala, ena a zilonda, ena a ululu wa mawondo ndi khosi, ankagawidwa m'magulu awiri mwa maere, ndipo wodwala ngakhale namwino sankadziwa kuti yeniyeni ndi iti. Chinsinsicho chinali mu envelopu yomata. A zilonda onse ankapitiriza kutsukidwa ndi kumangidwa monga kale. Pakatha milungu isanu ndi umodzi, ankangofunika kuwafunsa.

Chipatala chinamupatsa chipinda ndi namwino mmodzi, Sisitala Nachanza, mayi amene anamanga zilonda za mu Pepani kwa zaka makumi atatu, wozolowera kuyang'ana anthu pamwamba pa magalasi. Atamva kuti kafukufukuyo adalira kufunsa odwala, anakweza nsidze. Koma dokotala sanamufunse maganizo, ndipo naye ndi mwana wa ku Zilibwino, ndiye anati ndondomekoyo ndi yabwino kwambiri.

Milungu isanu ndi umodzi itakwana, Sandalamu anawerenga mayankho. Odwala makumi atatu a nyali yeniyeni, onse anali kupezako bwino. Makumi atatu a nyali ya kababu, nawonso onse anali kupezako bwino. Bambo wina amene anamwalira ndi chibayo mlungu wachinayi, abale ake anabwera okha kudzanena kuti mpaka tsiku lomaliza ankapezako bwino. Mmisiri amene anangolowa kudzakonza zenera, atafunsidwa molakwitsa, anati nayenso chiyambireni kugwira ntchito pafupi ndi nyalizo akupezako bwino.

Sandalamu akadakandabe mutu, nkhani inali itafika kale kwa Nduna ya Zaumoyo, a Womberani, munthu amene zikhatho zake zinalimba ngati za mlimi ngakhale sanagwirepo khasu. Ndunayo inamva chinthu chimodzi chokha: anthu makumi asanu ndi limodzi, onse achira. Inathamangira nazo kunyumba yachifumu, kumene Mfumu Tambalala Wachitatu inali itatha chaka ikulamulira mwendo uli pampando chifukwa cha bondo.

Mfumu inabwera ku Dikirani ndi galimoto khumi ndi zinayi. Sandalamu anayamba kufotokoza za maere, koma a Womberani anamudula, nati mfumu siichitiridwa maere ngati mbuzi ya pampikisano. Sisitala Nachanza anangotola nyali imene inali pafupi n'kuunika bondo lachifumu mphindi zisanu. Mfumu inadzuka, n'kuponda kamodzi, kawiri. Isanatsegule pakamwa kuti inene mmene ikumvera, nduna zinayamba kuwomba m'manja, amayi a kwaya anayamba nthungululu, ndipo mfumu inaona kuti kukhalanso pansi kukhumudwitsa anthu ambiri. Inalengeza kuti yachira.

Alendo atachoka, Sandalamu anang'amba envelopu ija. Mfumu inali itachizidwa ndi kababu. Mmawa mwake anakauza a Womberani mwakachetechete, koma iwo anangosangalala koposa. Anati ngati nyali yongoyerekeza ikuchiritsa mfumu, nanga yeniyeniyo idzatani.

Bwalo la nduna linakhala masiku atatu, ndipo linatuluka ndi malamulo atatu amene anawerengedwa pawailesi mmawa, masana ndi madzulo. Loyamba linati makinawo azitchedwa Nyali ya Mfumu. Lachiwiri linati ana onse a ufumu ndi ofanana, choncho palibe amene adzaikidwenso m'gulu la nyali yabodza, ndipo pofuna kuthetsa tsankholo nyali zonse ziwiri zinalengezedwa kukhala zenizeni. Lachitatu ndi limene a Womberani ankanyadira nalo. Linati poti kuwala kwa mfumu kuyenera kulowa m'chilonda, kuphimba chilonda n'kutsekera mfumu chitseko. Mabandeji onse, thonje ndi mankhwala otsukira anatsekeredwa m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo kiyi anapita m'thumba la nduna.

Kumsika wa Mwamvakodi lamulo silikhala tsiku lathunthu lisanasanduke malonda. Pofika Lachisanu matochi onse anali atatha m'masitolo, ndipo anatulukanso pamabenchi atakulungidwa kukamwa ndi timapepala tofiira ta maswiti. Mayi wina ankaunika tomato wake wosapsa. Akabaza ankaunikirana mawondo ndi nyali za kumbuyo kwa njinga. Mkulu wina anaunika mbuzi yake yosabereka kwa mlungu wathunthu, ndipo atafunsidwa zotsatira anati mbuziyo sinadandaule. Wometa tsitsi wa pafupi ndi khonde la a Enelesi ankauza aliyense womukhalira pampando kuti boma liyenera kuyamikidwa, chifukwa chibwerereni lamuloli mu Pepani simunafe munthu wodwala. Onse akufa akupezako bwino.

A Enelesi anamvera lamulo monga amamverera malamulo onse. Anamasula bandeji, n'kumakhala pakhonde mwendo uli poyera, fumbi la msika likuwomba, ntchentche akuziingitsa ndi kansalu. Tsiku lililonse ankapita ku Dikirani kukaunikidwa. Mlungu wachiwiri makina awo osokera anayamba kulira pang'ono mmawa wokha. Mlungu wachitatu anawaphimba ndi nsalu, n'kumauza makasitomala kuti lamba wake ndi amene waduka.

Sandalamu atafika n'kuwafunsa, yankho linali lomwe lija. Koma mphuno ya dokotala siimva mayankho. Anagwada, n'kuika kapulasitiki koonekera pamwamba pa chilondacho, n'kujambula m'mphepete mwake ndi cholembera. Chinali chitakula ngati kunsi kwa kapu, m'mbali mwake mutada. Ataonetsa chojambulacho kwa Sisitala Nachanza, iye anachiyang'ana nthawi yaitali, nati zikapitirira chonchi milungu itatu, dokotala wa opaleshoni adula mwendowo m'munsi mwa bondo.

Apa m'pamene Sandalamu anaphulika. Anafunsa kuti dziko lotani limene aliyense amanamiza dokotala, ngakhale mlongo wake weniweni. Sisitala anadikira kuti amalize, akupukuta magalasi.

"Sakukunamizani, adokotala. Akukulemekezani. Mwabwera ndi nyali kuchokera kutali, mwaiyatsa ndi manja anu, ndiye mukufuna munthu akuuzeni pamaso kuti yalephera? Analeredwa kuti munthu woteroyo?"

"Nanga ndidziwa bwanji zoona?"

"Ife sitifunsa wodwala. Timafunsa amene wakhala naye pabenchi."

Sandalamu anakumbukira mayi ake akudwala, mmene ankamwetulira adokotala a nthawi imeneyo, ndiponso mmene anansi ankanong'onera zoona zake kunja kwa mpanda. Zimenezi ankazidziwa ali ndi zaka khumi. Anachita kupita kusukulu zaka zambiri kuti aziiwale.

Masiku anayi otsatira anawathera mumsika ndi m'makwalala, kope ndi rula m'manja. Wodwala aliyense ankamufunsa za mnzake, ndipo milomo inamasuka ngati mpopi wothyoka. Uyu anati iye akupezako bwino, koma a Chimombo a pambali pakewo sagona, amangobuula. A Chimombo anati iwo ali bwino ndithu, koma mayi wogulitsa mandasi mumsikamo mwendo watupa ngati mtondo. Anthuwo anamuuzanso zambiri zimene sanafunse, za amene akumwa mowa pamwamba pa mankhwala ndi amene wathawidwa ndi mwamuna. Ataphatikiza misecheyo ndi zimene rula inayeza, kafukufuku wake anayamba kulankhula. Kwa odwala mawondo ndi khosi, nyali yeniyeni inkaoneka kuti yathandizako ena pang'ono. Pa zilonda, nthawi imene zinkatsukidwa ndi kumangidwa, kusiyana kwa nyali ziwirizo kunali kochepa koti munthu sangalumbirirepo. Koma chichotsereni mabandeji, zilonda zonse zinali kukula, za nyali yeniyeni ndi za kababu zomwe.

Analemba lipoti la masamba makumi anayi n'kupita nalo kwa a Womberani. Iwo analilandira ndi manja awiri, nayamikira kulemera kwake, nalifunira malo abwino pansi pa mulu wa malipoti ena. Kenako anamufotokozera mokoma mtima, monga mmene amafotokozera mlendo, kuti ku Zilibwino lamulo la mfumu silifafanizidwa. Chikhalireni ufumuwo palibe lamulo linalakwikapo. Chimene chimaloledwa n'kulilimbikitsa ndi lamulo lina.

Kuchoka kumeneko Sandalamu anapita kukakhala pakhonde la achemwali ake, akudandaula mokweza. Anati mawa akaimirira pamaso pa mfumu n'kunena poyera kuti inachizidwa ndi kababu, kuti lamulo lake likuoletsa miyendo ya anthu, ndipo akafuna kumuthamangitsa m'dziko amuthamangitse. A Enelesi ankamvetsera akusoka batani pamanja. Sanamutsutse, poti mlendo satsutsidwa. Anangoyamba kukamba za ntchito yawo, ngati nkhani yongocheza. Anati pa zaka zonse zimene asokera akazi a nduna, sanauzepo mmodzi kuti wanenepa. Diresi ikathina amati nsalu za masiku ano zimabwerera zikachapidwa, ndipo mayiyo amatukwana nsaluyo, n'kulola kuti amuyezenso.

"Diresi imakwana, iwo amapita akusangalala," anatero, akuluma ulusi.

Sandalamu anayang'ana mwendo uja. Mlungu umodzi mwa itatu ija unali utatha. Akakanena zoona zonse kubwalo, adzatuluka ali dokotala wolemekezeka m'maso mwake yekha, kiyi adzakhalabe m'thumba la a Womberani, ndipo makina a pakhondewo sadzaliranso.

Lolemba anakaonekera kubwalo. Mfumu Tambalala inali pampando wake, mwendo wochira uja uli pakampando kena, zimene nduna zinafotokoza kuti n'kupumitsa bondo pambuyo pa kuchira. Sandalamu anagwada, mawondo ake akulira, n'kuwomba m'manja katatu monga anaphunzirira ali mwana. Anadabwa kuona kuti manja ake sanaiwale.

Anati wabwera ndi nkhani yoopsa. Kafukufuku wapeza kuti kuwala kwa mfumu n'kwamphamvu kwambiri moti sikukhazikika. Kukalowa m'chilonda chosamanga, kumatulukanso, ndipo mphepo ya mwera imakuuluzira kutsidya kwa malire, ku Ufumu wa Tilandeko, kumene anthu osapereka ulemu uliwonse kwa mfumu akuchira nako mwaulere.

M'bwalo munamveka kung'ung'udza. Nduna ya Zachitetezo inaimirira n'kukhalanso. Mfumu inafunsa chimene chingachitike.

Sandalamu anati kuwala kwachifumu kuyenera kulandiridwa ngati mlendo wolemekezeka. Choyamba m'nyumba muzisesedwa, ndiko kutsuka chilonda. Kenako mlendoyo aziyalidwira pokhala, ndiwo mankhwala ndi thonje. Akalowa, chitseko chizitsekedwa ndi bandeji kuti asabedwe.

"Zimenezi zili m'mabuku anu, adokotala?" inafunsa mfumu.

"Zili pa rula yanga, mfumu. Chilonda chomangidwa chikupola. Chosamangidwa chikukula."

Pa zonse zimene ananena tsikulo, mawu amenewa okha ndi amene akanawabwereza pamaso pa aphunzitsi ake, ndipo anawanena mokweza kuposa ena onse.

A Womberani anadzuka n'kukumbutsa bwalo kuti iwo anali atayamba kale kuda nkhawa ndi mphepo ya mwera. Dzuwa lisanapendeke, lamulo lachinayi linamveka pawailesi, lolimbikitsa lachitatu: aliyense wopezeka ndi chilonda chosamanga adzaimbidwa mlandu wozembetsa kuwala kwa mfumu kunja kwa dziko. Kiyi anatuluka m'thumba. Sandalamu, poona kuti nsalu ikulola, anapemphanso kuti nyali ziwiri zija zipitirize kuyesedwa padera, kuti zidziwike kuti yokhulupirika kwambiri kwa mfumu ndi iti. Bwalo linavomera ndi m'manja, ndipo kafukufuku anayambiranso, ulendo uno ndi rula, mapulasitiki, ndi Sisitala Nachanza akufunsa odwala za anzawo.

Kumsika matochi anatsika mtengo, ndipo mbuzi ija inaoneka itamangidwa nsanza pamimba. Wometa tsitsi anati ufumu wapita patsogolo kwambiri, chifukwa zimene anthu ankachita kale opanda chifukwa, tsopano akuzichita poteteza dziko.

Chilonda cha a Enelesi Sandalamu sanachisiyire wina. Mmawa uliwonse ankafika pakhonde ndi beseni, thonje ndi bandeji, n'kuwayezanso shuga, n'kukangana ndi mayi wa mandasi kuti asamawapatsenso mandasiwo. Mlungu woyamba chilondacho chinangoleka kukula. Wachiwiri kuda kuja kunayamba kuchoka, ndipo Sisitala atachiona anasiya kutchula za opaleshoni. Timapulasitiki tojambula tija ankatisanja m'kope motsatizana: kunsi kwa kapu, chitsekerero cha botolo, kenako batani la jekete. Ngati nyaliyo inathandizapo, iye sakanatha kunena, ndipo sanayese kunamizira kuti akudziwa.

Mmawa wina wa mlungu wachisanu ndi chimodzi anapeza nsalu ija itachotsedwa pamakina, ndipo lamba amene ankati waduka uja ali pamalo pake, wathunthu. Anagwada monga mwa masiku onse, n'kutsuka, n'kuyamba kukulunga bandeji. Maganizo ake anali kwina, pa mitengo ya jakaranda ija, ndipo anakoka mopitiriza. Mwachizolowezi anafunsa mmene akumvera.

A Enelesi anatsonya.

"Iwe Sanda, ukundipweteka. Zaka zonse zija kusukulu, kumanga nsalu sunaphunzire? Masula, uyambirenso."

Sandalamu anakhala chigwadire, bandeji ili m'manja. Wometa tsitsi anasuzumira kuti aone chimene chikuseketsa dokotala wamkulu chonchija, mpaka kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Linali dandaulo loyamba limene analandira chibwerereni kwawo, ndipo silinalowe mu lipoti lililonse. Anamasula bandejiyo n'kuyambiranso, pang'onopang'ono, achemwali ake akumuloza ndi sizasi pamene akulakwitsa.